Musamanyoze ana athu ndi mapointi a ku Singapore

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe zidachitika Loweruka lapitali pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pa CDSS yomwe mwana wanga amaphunzira. Mlendo wolemekezeka adaimirira, n'kutulutsa foni, n'kuyamba kutiwerengera zotsatira za mayeso a PISA. Akuti achinyamata a ku Singapore adapeza mapointi 561 pa sayansi, a ku Japan 547, pomwe a kuno amangodziwa TikTok ndi zibwenzi. Ana a Fomu 2 adali chikhalire padothi pansi pa mtengo wa mango, nkhope zili zyoli. Madzulo ake mwana wanga wamkazi adakana nsima, n'kundifunsa ngati n'zoona kuti mitu yawo ndi youma.

Manambalawo sindikuwatsutsa. Ndi a mayeso a 2022 omwe bungwe la maiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD lidalembetsa ana a zaka 15 pafupifupi 690,000 m'maiko ndi madera 81. Koma Malawi sadalembe nawo. Mu Africa monse muno adalemba ndi Morocco yekha. Nanga bwanayo ana athu adawayeza liti, pa sikelo iti? Munthu ungamunene bwanji kuti wagwa pa mpikisano womwe sadaitanidweko n'komwe?

Komanso akadafufuza kaye zomwe mayesowa amafunsa. Sakhala oloweza notsi ayi. Amampatsa mwana nkhani yoti afotokoze chomwe chachititsa chinthu, aweruze ngati kafukufuku wakonzedwa bwino, awerenge galafu n'kunena tanthauzo lake, ndipo m'maiko ambiri amalembera pa kompyuta. Pasukulu yathuyi labu palibe. Titration, njira yoyezera mphamvu ya mankhwala monga asidi, ana amaionera pa bolodi, aphunzitsi akujambula botolo ndi choko. Microscope mwana wanga amaidziwa pachithunzi cha m'buku lomwe amagawana anthu asanu. Mphunzitsi wa Physics ndi mmodzi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo akadwala malungo phunzirolo laima. Ana omwewa mawa lino akalemba mapulakitiko a MSCE pamodzi ndi anzawo a sukulu zokhala ndi magetsi, madzi ndi mankhwala onse. Bwanayo zonsezi adaziona ndi maso ake, pakuti galimoto lake adaliimika pafupi ndi maziko a labu omwe ife makolo tidaumbira njerwa kalekale, pano pamera udzu. Pa zimenezo sadanenepo kanthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akadakhala wawo akadamuyalutsa chomwechi pagulu?

PISA sipereka n'komwe malikisi kwa mwana aliyense payekha. Imayeza dziko ndi kayendetsedwe ka maphunziro ake. Finland idali patsogolo pa sayansi mu 2006 ndi mapointi 563, pofika 2022 idatsikira pa 511, n'kupitiriridwa ndi Estonia yomwe idapeza 526. Kodi tinene kuti ana a ku Finland adangodzuka tsiku lina atapusa? Manambala oterewa amafunsa akuluakulu, osati mwana wovala yunifolomu yong'ambika yemwe wayenda makilomita asanu ndi njala.

Ndipo khalidweli lafala. Aliyense akapatsidwa maiki amayamba ndi Singapore, kenako Rwanda, kenako kutukwana achinyamata. Pawailesi chimodzimodzi, pamaliro pomwe chimodzimodzi. Za ndalama zachitukuko zomwe tinkapereka teremu ndi teremu osaona chomwe zagula, zii. Za atsikana omwe amasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa kogona, zii.

Ndikupempha a Unduna wa Maphunziro: ngati tikufunadi kudziwa pomwe tili, tilowe nawo mayeso oterewa monga adachitira anansi athu a ku Zambia pa PISA for Development, PISA yokonzedwera maiko omwe akutukuka kumene, yomwe zotsatira zake zidatuluka mu 2018. Pakadali pano CDSS iliyonse ilandire ngakhale bokosi limodzi la zipangizo za sayansi, ndipo mlendo uja abwerere adzapepese kwa ana aja.

Kholo lokhumudwa,
Mchinji