Vinyo wa Amarone sadyera chambo

Akonzi,

Ndawerenga nkhani ija yoti vinyo wofiira aliyense amayenda ndi chakudya chilichonse bola akhale wozizira bwino, ndiye ndati ndilembeko chifukwa zandikhudza ndithu. Ine ndimakhala kuno ku Verona, ku Italy, ndipo nthawi yokolola ndimagwira ganyu m'minda ya mphesa ku Valpolicella, dera la pafupi ndi Verona, komwe amapangira vinyo wotchedwa Amarone, ndiye zomwe ndikunenazi ndaziona ndi maso komanso ndalawa.

Mphesa zake, makamaka za mtundu wa Corvina ndi Rondinella, tikathyola cha mu Seputembala ndi Okutobala sazifinya pompopompo ayi, timaziyala m'makireti nkuzisanja m'nyumba zopita mphepo ndipo zimakhala mmenemo miyezi 3 kapena 4 mpaka kufota, madzi ambiri kuuma, shuga yekha kutsala. Shuga ameneyo ndi amene amadzasanduka mowa, nchifukwa chake mphamvu yake imafika 15 mpaka 16 peresenti, ndipo lamulo lawo limati vinyoyu akhale zaka zosachepera 2 asanamugulitse. Dzinalo lachokera ku mawu oti amaro, kutanthauza kuwawa, pomusiyanitsa ndi Recioto yemwe amapangidwa ndi mphesa zouma zomwezo koma iye ndi wotsekemera.

Amarone ukamuthira mu tambula ndi wofiira moderako kwambiri, fungo lake ngati zipatso zouma, penapake chokoleti chakuda, penapake khofi. Pakamwa amayamba ngati atsekemera koma satsekemera, ndi wolemera basi, amatenthetsa pakhosi, kenako kumapeto kumabwera kakuwawa kaja ndi kuuma m'kamwa ngati waluma nthochi yosapsa bwino. Kuuma kumeneko ndi kumene kumafuna mafuta a nyama, popanda mafuta vinyoyu amangokulemera mkamwa.

Eni ake kuno amamwera nyama ya ng'ombe yophika maola ambiri pamoto wochepa, kapena pastissada de caval, yomwe ndi nyama ya hatchi yophikidwa mu vinyo, chakudya chakalekale cha ku Verona. Ndipo chomwe chinandidabwitsa tsiku loyamba nchoti pambali pake amaika polenta, ufa wachimanga wachikasu wotakasa m'madzi otentha, nsima yeniyeni anthuni, kungoti yawo imakhala yofewa! Ndiye ndinayesa kunyumba nyama ya mbuzi yophika mpaka kuchoka pafupa, msuzi wolimba wa anyezi ndi tomato pang'ono, nsima pambali, zinagwirizana bwino zedi moti anzanga a kuno anapempha kuti ndidzaphikenso. Mchira wa ng'ombe nawonso umayenda. Mukatha kudya, tchizi chokhalitsa ngati Parmigiano Reggiano chimamalizira botolo bwinobwino.

Koma chambo ayi, chonde. Nsomba yabwino ngati imene ija vinyoyu amaikwirira yonse, simumvanso kukoma kwake ndipo m'kamwa mumatsala kakomedwe kachitsulo. Tsabola wa kambuzi nayenso sagwirizana naye, mowa wa 16 peresenti ukakumana ndi tsabola moto wake umawirikiza, lilime silimvanso kanthu.

Za fulijizo, Amarone amafuna madigiri 16 mpaka 18. Akazizira kwambiri fungo lonse lija limabisala kumangotsala kuwawa kokha. Ndikudziwa kutentha kwa Okutobala kwathuko, ndiye kanthawi kochepa mu fuliji nkokwanira, osati kugoneka botolo usiku wonse limodzi ndi zakumwa za ana, ndipo mulitsegule ola limodzi musanayambe kudya.

Mtengo wake ndi wokwera ngakhale konkuno. Amene thumba silikulola afunse Valpolicella Ripasso, amamupanga pothira vinyo wamba wa Valpolicella pa makoko a mphesa otsala akapanga Amarone, ndi wopepukirapo koma ndi mbuzi ija amayenda chimodzimodzi.

Wowerenga wanu,
Verona