Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wokumbukira akatswiri akale a siteji ndi kanema ku Australia

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Munatituma awiri ku msonkhano wa masiku atatu mumzinda wa Melbourne. Kunasonkhana osunga matepi ndi mafilimu akale, osamala zovala za zisudzo, ndi madoda ndi amayi amene ankagwira makamera ndi magetsi m'masitudiyo zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mutu wake unali kukumbukira anthu amene ankaseketsa, kuimbira ndi kuvinira mtundu wa Australia. Mawu oyamikira analipo ndithu, koma dzuwa loyamba lisanalowe nkhani inali itakhotera ku funso limodzi: pa zonse zimene anthuwa anachita, chatsala n'chiyani, nanga makina ochionetsera akadalipo? Ife tatsamira pamenepo, poti ndi pamene pali ntchito ya gulu lathu.

Wailesi ya kanema (TV) inayamba ku Australia pa 16 September 1956, pa siteshoni ya TCN-9 ku Sydney, ndipo amene analonjera anthu usiku umenewo anali Bruce Gyngell. Kachigawo kamene kamaonetsedwa masiku ano ka malonjewo si ka usiku umenewo ayi, anachita kukajambula mobwereza pambuyo pake. Chitsanzo chimenechi chinabwera kangapo pa msonkhano, chifukwa chikuonetsa mmene zinthu zinalili: pulogalamu inkapita m'mwamba nthawi yomweyo imene ikuchitika, ikatha yatha.

Wotchulidwa kwambiri anali Graham Kennedy, amene kwawoko amangomuti Mfumu. Anayamba pulogalamu ya In Melbourne Tonight pa siteshoni ya GTV-9 ku Melbourne pa 6 May 1957 ali ndi zaka 23, n'kuitsogolera mpaka 1969. Luso lake linali losalembedwa pa pepala. Ankatha kutenga malonda amene wauzidwa kuti alengeze n'kuwasandutsa nthabwala, katunduyo akumunyoza eni ake akumva, koma anthu n'kumakagulabe. Bert Newton anabwera mu 1959 kukhala mnzake womuponyera mawu. Pulogalamuyi inkaulutsidwa usiku wa masiku a ntchito kwa zaka zoposa khumi, koma zimene zatsala ndi zochepa zedi poyerekeza ndi zimene zinaulutsidwa. A siteji ndiye zawo zinavuta kuposa apa. Roy Rene, amene ankadziwika ndi dzina loti Mo, anamwalira mu 1954 kanema isanafike, ndipo anasiya filimu imodzi yokha ya mu 1934, mawu a pa wailesi, zithunzi ndi mapositala. Mabwalo a zisudzo a Tivoli anatsekedwa mu 1966 kanema itawalanda anthu. Nthabwala zina za kumeneko zinapulumukira mwa anthu ngati Joff Ellen, amene anachoka nazo pa siteji n'kukazichitira pamaso pa kamera pamodzi ndi Kennedy.

Poyamba njira yosungira pulogalamu inali imodzi, yotchedwa kinescope: kamera ya filimu ya 16mm imaloza pa galasi la kanema n'kumajambula zithunzi 25 pa sekondi. Chithunzi chake chimatuluka chofewa, mbali zowala zikuchita ngati zapsa, koma zambiri zimene tikuonera lero za m'ma 1950 ndi 1960 zinadzera njira imeneyi. Kenako kunabwera tepi ya mainchi awiri m'lifupi, yotchedwa quad, imene kampani ya Ampex inatulutsa mu 1956. Inali yodula kwambiri, choncho masiteshoni ankaiona ngati sileti ya kusukulu, pulogalamu ikaulutsidwa amafufuta n'kujambulapo ina. Kanema ya mitundu itayamba pa 1 March 1975, zakale zakuda ndi zoyera zinaoneka ngati zopanda msika. Ngakhale Countdown, pulogalamu ya nyimbo ya Molly Meldrum imene inayenda pa siteshoni ya ABC kuyambira 1974 mpaka 1987, zigawo zake zambiri za zaka zoyambirira zinafufutidwa. Zina zimene zikupezeka tsopano zikuchokera m'magalaja a anthu, kwa amisiri amene anabisa tepi m'malo moifufuta, ndi kwa oonera amene ankajambula kunyumba.

Bungwe la National Film and Sound Archive, limene lili ku Canberra ndipo linaima palokha mu 1984, linachenjeza kale mu 2015 kuti tepi imene idzakhale isanasamutsidwire pa kompyuta pofika 2025 ikhoza kutayikiratu. Pa msonkhano anatsindika kuti chimene chikutha msanga si tepi, koma makina ndi anthu owadziwa. Tengani quad yomweyo. Ili ndi mitu inayi yowerenga tepi, yomangidwa pa kagudumu kamene kamazungulira ka 250 pa sekondi, ndipo imafuna mpweya wa kompuresa komanso pampu yoyamwa tepi kuti ipindike bwino pa kagudumuko. Mutu uliwonse umawerenga mizere pafupifupi 16 ya chithunzi n'kusiyira unzake. Umodzi ukangosiyana pang'ono ndi anzake, chithunzi chimatuluka ndi mikwingwirima yopingasa, nkhope ya munthu ngati nsalu ya mizeremizere. Mituyi imaperesedwa ndi tepi m'maola mazana ochepa, ndipo oikonza atsala owerengeka pa dziko lonse. Makina a matepi ang'onoang'ono nawo akutsatira: Sony inasiya kupanga makina a mtundu wa Betacam mu 2016, chaka chomwecho chimene makina omaliza a VHS anatuluka m'fakitale.

Tsiku lachiwiri anationetsa matenda a tepi maso ndi maso. Katswiri wina analowetsa kaseti ya U-matic m'makina akale amene anawasungira dala ntchito yoonetsera. Chithunzi chinabwera bwinobwino, oimba ali pa siteji. Mphindi imodzi isanathe kunamveka kulira kwa tswii, chithunzi n'kuyamba kuthothoka mpaka galasi lonse linangoti mbuu. Atatsegula chivindikiro, tizitsulo tonse todutsa tepi tinali titamatidwa ndi phala lofiirira ngati phula. Chimachitika n'chakuti fumbi lamaginito limene limasunga chithunzi linamatidwa pa pulasitiki ndi guluu wa polyurethane, ndipo guluuyu akamwa chinyezi kwa zaka zambiri amasungunuka n'kuyamba kunanda. Mukaiumiriza tepi yotere, chimene chikutsalira pa zitsulocho ndi chithunzi chenichenicho, ndipo sichibwereranso.

Mankhwala ake ndi kuiwamba. Tepi imaikidwa mu uvuni wa ku labotale wokhala ndi fani, pa kutentha kwa madigiri 50 mpaka 55. Kaseti imakhalamo maola 8 mpaka tsiku lathunthu, ndipo tepi yaikulu ya mainchi awiri imatha masiku angapo. Ikatuluka muisiye izizire yokha tsiku limodzi, osaithamangitsira m'makina. Uvuni wophikira sikono ayi, chifukwa kutentha kwake kumakwera ndi kutsika ndi madigiri ambiri, ndipo pulasitiki ikapindika basi kwatha. Kuwambaku sikuchiza, kumangogula nthawi ya masabata ochepa chinyezi chisanabwerere, choncho musawambe tepi makina ojambulira pa kompyuta asanakonzeke. Chenjezo lina ndi la matepi a mawu okha, aja a pa mawilo otseguka: ena akale anapangidwa ndi acetate, ndipo amenewo mukawawamba mwawapha. Powasiyanitsa, kwezani wilo lonse muliyang'ane cham'mbali pa kuwala. Kuwala kukamadutsa ndi acetate, kukapanda kudutsa ndi polyester. Tepi ya chuku siwambidwa kapena kuseweredwa isanatsukidwe, chifukwa imapatsira makina, makinawo n'kupatsira matepi onse otsatira, ndipo woigwira avale magolovesi ndi chotseka pamphuno.

Mafilimu a kinescope ali ndi nthenda yawoyawo. Mukatsegula chitini n'kumva fungo la viniga, dziwani kuti acetate yayamba kuwola ndipo ikutulutsa asidi amene akufulumizitsanso kuwolako. Filimu imafupika, imapotana, ndipo ikafupika kupitirira gawo limodzi pa 100 timabowo ta m'mbali sitigwirizananso ndi mano a projekita, imang'ambika. Mphuno imachedwa kuzindikira, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito timapepala totchedwa A-D strips. Mumaika kamodzi m'chitini, kutseka, n'kudzaona patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo ngati chipinda chili chozizira. Kakakhalabe kabuluu, filimu ili bwino. Kakasanduka kobiriwira yayamba, kakafika pa chikasu yafika pa ngozi. Muyeso wake umachoka pa 0 kufika pa 3, ndipo kuyambira pa 1.5 kuwola kumathamanga kokha. Mapulogalamu ena mawu ake anasungidwa pa filimu ina yamaginito, padera ndi chithunzi, ndipo imeneyo imawola msanga kuposa inzake. Zikatero mumatsala ndi woseketsa akuyasamula pakamwa popanda chomveka. Filimu ikhoza kusungidwa mu firiji youmitsa itakutidwa bwino, koma tepi ya maginito isatsike pansi pa madigiri 8, chifukwa mafuta ake oterereretsa amatuluka. Tepi imafuna chinyezi cha 30 mpaka 40 pa 100, itaimikidwa chilili ngati buku, ndipo ikachoka m'chipinda chozizira idikire tsiku limodzi isanaseweredwe kuti isachite thukuta.

Za kusamutsira pa kompyuta sizinatengere nthawi, poti onse anagwirizana. Kaseti ichotsedwe kaye kachotsekera kolola kujambula, kuti wina asadine molakwika. Mitu ya makina ipukutidwe ndi spiriti ya isopropyl ya 99 pa 100, mopingasa, osati chokweza ndi chotsitsa chifukwa imathyoka. Pakati pa makina ndi kompyuta pakhale time base corrector yoletsa chithunzi kugwedera. Fayilo yosunga ikhale ya timadontho 720 kwa 576, 10-bit, zithunzi 25 pa sekondi, mizere yake yolukana isiyidwe momwemo, mawu pa 48 kHz. Yosapanikiza imadya pafupifupi 100 GB pa ola, ndipo njira yopanikiza yotchedwa FFV1 imachepetsa ndi theka kapena kuposa popanda kutaya kanthu. MP4 ndi yoonetsera anthu basi. Makope akhale atatu, limodzi likhale nyumba ina, lililonse ndi checksum yake, nambala yoonetsa ngati fayilo yasintha, yoyesedwa chaka ndi chaka. Tepi yeniyeniyo isatayidwe.

Chigawo cha zovala chinatidabwitsa kukoma kwake. Arts Centre Melbourne imasunga katundu wa zisudzo kuyambira 1975, ndipo mwa zina muli madiresi a Dame Edna Everage, mayi wongopeka wa ku Moonee Ponds, dera la mu Melbourne, amene woseketsa Barry Humphries anayamba kumusewera mu December 1955 n'kukhala naye mpaka ukalamba. Humphries anamwalira mu April 2023. Chovala cha pa siteji sichinasokedwe kuti chikhalitse, chinasokedwa kuti chiwale kwa wokhala mpando wakumbuyo, ndipo chamwa thukuta usiku ndi usiku. Diresi lolemera ndi mikanda silipachikidwa pa hang'ala, limang'ambika m'mapewa ndi kulemera kwake komwe. Limagonekedwa m'bokosi lopanda asidi, mapepala ofewa atapindiridwa m'makwinya onse kuti ulusi usathyoke. Tinthu tonyezimira ta pa zovala zakale kwambiri tina tinapangidwa ndi gelatine, ndipo tikakhudza madzi timafufuma n'kusungunuka, choncho kuchapa musayerekeze. Njenjete amaziphera mu firiji ya madigiri 20 pansi pa ziro, chovala chitatsekeredwa m'pulasitiki kwa sabata kapena awiri. Poonetsa anthu kuwala kusapitirire 50 lux.

Kumene kunabuka mkangano weniweni ndi pa mayina. Amene analandira mphotho za pa kanema za Logie, zimene Kennedy yemweyo anazipatsa dzina pokumbukira John Logie Baird, mmodzi wa amene anatulukira kanema, palibe angawaiwale. Lorrae Desmond, mayi woyamba kulandira Logie ya golide mu 1962, ali m'mabuku. Koma ovina asanu ndi atatu amene ali kumbuyo kwake, woimba lipenga, wolemba nthabwala, pa chitini sipalembedwa kanthu. Njira imene ikuwathandiza ndi kuitana okalamba amene anagwira ntchito m'masitudiyo awiriawiri, kuwaonetsa tepi, kuimitsa chithunzi paliponse pamene patuluka nkhope yatsopano, n'kujambula zimene akunena. Dzina lotchulidwa ndi munthu mmodzi limalembedwa kuti ndi longomva, likatsimikizidwa ndi wachiwiri kapena ndi pepala la pulogalamu ndi pamene limalowa m'kaundula. Ife tikuona kuti ntchito iyi ndi yofulumira kuposa kuwamba matepi, chifukwa anthu amene anali ndi zaka 25 mu 1960 tsopano adutsa zaka 85.

Pa zithunzi za Aaborijini ndi anthu a ku zilumba za Torres Strait, monga woimba Jimmy Little wa mtundu wa Yorta Yorta amene anamwalira mu 2012, mwambo ndi kuika chenjezo poyamba kuti muli nkhope ndi mawu a anthu amene anatisiya, chifukwa m'madera ambiri kuona kapena kutchula womwalira kuli ndi malamulo ake, ndipo abale amafunsidwa. Nkhani ya woimba ndi woseketsa Rolf Harris, amene khoti la ku London linamupeza wolakwa mu 2014 pa milandu yochitira nkhanza atsikana, inayankhidwa mwachidule: matepi ake asungidwe ndi kulembedwa moona, koma kusunga si kulemekeza, ndipo pa zionetsero zachikumbutso sayikidwapo.

Kwathu kanema inayamba mu 1999, ndipo inali ya mizere 625 ngati ya ku Australia, choncho miyeso yonse ili pamwambayi ikutikwana osasintha. Matepi amene mamembala athu akusunga ndi a VHS, Betacam SP ndi MiniDV, ndipo pasakhale wodzinamiza kuti atsopano ndiwo olimba. MiniDV ndi yopyapyala kwambiri, siwambidwa, ndipo imakopedwa kudzera pa chingwe cha FireWire momwe ilili, pafupifupi 13 GB pa ola. Tikupempha komiti kuti isagule uvuni kapena makina alionse pakadali pano. Choyamba membala aliyense awerenge matepi ake, alembe mtundu, chaka, zimene zalembedwa pa chikuto ndi ngati pali chuku kapena fungo, osasewera ngakhale imodzi. Tigule choyezera chinyezi ndi kutentha, chiikidwe m'chipinda chosungira, ndipo manambala ake alembedwe m'mawa ndi madzulo kwa miyezi itatu, kuyambira December mvula ikakhazikika. Fomu yowerengera matepi tiigawa pa msonkhano wa mwezi uno, ndipo amene ali ndi makina a Betacam kapena kamera ya MiniDV yogwirabe ntchito abwere ndi nambala ya modelo yake.

Ndife nthumwi zanu ziwiri.