Opita ku Roma aziwerengeratu ndalama zoyendera tsiku lililonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya akhristu a m'maparishi amene akusonkha ndalama za ulendo wachipembedzo wopita ku Roma. Makomiti okonza maulendowa amaika mtima wonse pa tikiti ya ndege, viza ndi malo ogona, koma ndalama zoyendera mumzindamo amangoziika m'gulu la "zam'thumba" ngati kuti n'zochepa. Masiku ano ndalama zakunja zikuvuta kupeza kumabanki athu, choncho munthu akaperewedwa ali ku Italy sangadalire kuti achibale amutumizira msanga.

Ndalama zimayamba kutuluka pabwalo la ndege la Fiumicino. Sitima ya Leonardo Express imafika pasiteshoni yaikulu ya mumzindamo ya Termini m'mphindi 32 ndipo imalipiritsa mayuro 14 munthu mmodzi, pamene sitima wamba ya mayuro 8 siifika ku Termini koma imaima pamasiteshoni ena monga Trastevere ndi Tiburtina. Takisi ili ndi mtengo wokhazikika woposa pang'ono mayuro 50 kukafika pakati pa mzinda, kotero anthu anayi okhala ndi masutikesi olemera sataya kanthu akagawana takisi imodzi.

Mumzindamo, tikiti wamba ya mabasi ndi sitima zapansi panthaka ndi yuro 1.50. Imagwira ntchito kwa mphindi 100, ndipo munthu akhoza kusintha mabasi mmene angafunire, koma sitima yapansi panthaka amakwera kamodzi kokha. Ambiri amathamangira kugula tikiti ya tsiku lonse poganiza kuti akupulumutsa ndalama, chonsecho phindu lake limaoneka pokhapokha munthu akakwera kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo. Pakati pa Roma mpoyenda pansi: kuchokera ku tchalitchi cha Petro Woyera munthu wamphamvu zake amawoloka mtsinje wa Tevere n'kukafika ku bwalo la Piazza Navona, ku kachisi wakale wa Pantheon mpaka ku kasupe wa Trevi osakwera chilichonse. Tsiku lopita ku tchalitchi cha Paulo Woyera, chomwe chili kunja kwa linga lakale la mzindawo, kapena ku manda akale a akhristu a ku Via Appia, n'losiyana chifukwa kumeneko n'kutali. N'chifukwa chake kuika ndalama yofanana pa masiku onse n'kulakwitsa; tsiku lililonse liwerengedwe molingana ndi kumene gulu likupita, poganiziranso agogo amene miyendo siingawalole kuponda miyala ya m'misewu imeneyo tsiku lonse.

Chimene chimagwetsa alendo ambiri m'mavuto n'chakuti m'mabasi a ku Roma mulibe kondakitala wotolera ndalama ngati m'minibasi zathu. Tikiti imagulidwiratu pasiteshoni kapena m'timasitolo ta fodya ndi nyuzipepala, ndipo ukangokwera uyenera kuidinditsa pa kamakina ka m'basimo. Oyendera matikiti akakupeza ndi tikiti yosadinda amakulipiritsa chindapusa choposa mayuro 50, ndipo zoti ndiwe mlendo samva nazo. Ndalama imeneyo ndi ya maulendo oposa 30.

Zolowera pakhomo nazo zilembedwe pa tsiku lake. Kulowa m'tchalitchi cha Petro Woyera n'kwaulere, ndiponso tikiti ya msonkhano wa Papa wa Lachitatu siigulitsidwa, koma nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimalipiritsa mayuro 20, ndipo mu 2023 ku Pantheon anayamba kulipiritsa mayuro 5. Madzi akumwa okha ndiwo safuna ndalama, pakuti mipope ya m'misewu imatulutsa madzi abwino usana ndi usiku.

Palinso msonkho wa alendo umene mzinda wa Roma umatolera kudzera m'mahotela, kuyambira mayuro 4 mpaka 10 munthu mmodzi usiku uliwonse malinga ndi gulu la hotelayo, ndipo kawirikawiri umalipidwa padera. Ndikupempha makomiti kuti, asanayambe kulandira zopereka, afunse kampani yokonza ulendo kuti iwalembere ngati msonkhowu, thiransipoti yochokera kubwalo la ndege ndi matikiti a mabasi zili kale mumtengo umene awauza.

Ine wowerenga wanu,
Zomba