Ana ophunzira malamulo apakati pa mayiko athandizidwe

Akonzi,

Mwana wanga akuphunzira zamalamulo ku yunivesite, ndiye pa holide ndinampeza usiku ali pamkeka ndi tochi ya foni akuwerenga zoti malamulo apakati pa mayiko mphamvu zake amazitenga kuti, poti dziko likalakwa palibe wapolisi wolimanga. Ine ndinkangoti akutaya nthawi, mpaka anandifotokozera za nyanja yathuyi, kuti Malawi imatsamira pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 lomwe linaika malire kugombe la kum'mawa, komanso zomwe bungwe la mayiko a mu Africa la OAU linagwirizana ku Cairo mu 1964 zolemekeza malire omwe atsamunda anasiya, pomwe Tanzania ikuti malirewo adutse pakati pamadzi. Ndinamvetsera mpaka tulo kuiwala.

Aboma chonde, anawa apezereni mabuku atsopano, nkhaniyi ikadzafika kukhoti loweruza milandu yapakati pa mayiko la ku The Hague tidzafuna maloya athuathu.

Kholo,
Nkhata Bay