Kalata yothokoza kampani yobwereketsa njinga ya ku Stellenbosch

Kraaifontein,
Cape Town.

Kwa a Manijala,
Kampani yobwereketsa njinga ndi kuperekeza alendo m'minda ya mphesa,
Stellenbosch.

Bwana,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA ULENDO WA PA NJINGA WOPITA KU FRANSCHHOEK

Ndine bambo uja wa imvi amene munam'bwereketsa njinga yobiriwira Loweruka lina m'mwezi wa February, uja anafika atavala nsapato za kutchalitchi anzake onse ali m'zothamangira. Ndikhulupirira mwandikumbukira, pakuti tinasekera limodzi pakhomo paja. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Chingerezi changa chikafika pa zikomo chimathera pomwepo, chonsecho kumtimaku zilipo zambiri. Mnyamata wanu wa ku Mulanje amene anatitsogolera anandilonjeza kuti akumasulirani zonse osadumphako, ngakhale pamene ndikutama iyeyo.

Njinga si yachilendo kwa ine. Ndisanabwere kuno kudzagwira ntchito yosamalira maluwa, ndinachita kabaza zaka 7 pa Kamphata, kunyamula odwala ndi owadikirira kupita nawo kuchipatala cha Nkhoma, pobwerera n'kumanga matumba a chimanga pa kaliyala. Kwathu munthu wamkulu sapalasa njinga wopanda kopita. Mukaona wina akudutsa pa kaliyala pali mbee, dziwani kuti akukatenga katundu. N'chifukwa chake mwana wanga wamkazi atandiuza kuti walipira ndalama kuti ine ndikapalase tsiku lathunthu, thukuta langa lomwe, popanda wondipatsa ngakhale tambala, ndinamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ndinabwera pongoopa kuti ndalamazo zingapite pachabe.

Choyamba chimene ndikuthokoza ndi mmene munandilandirira. Munandiyeza miyendo, kukweza chishalo, kundiuza ndizungulire pabwalo, n'kutsitsanso pang'ono. Zaka zonsezi ine ndimadziwa kuti munthu ndiye amazolowera njinga, kuti njinga nayo n'kuisintha kuti iyanjane ndi munthu sindinkadziwa. Chipewa choteteza mutu ndinafuna kukana poopa kuoneka ngati kamba, koma munandiuza mosapsatira kuti kuno ndi lamulo kuyambira 2004, ndiponso kuti m'chigawo chino cha Western Cape woyendetsa galimoto amayenera kusiya mpata wa mita imodzi akamadutsa wapanjinga. Ndinaganiza za malole a pa M1 amene ankatiponya kutchire ndi mphepo yokha, ndipo ndinavala chipewacho osawiringulanso.

Tisanatuluke m'tauni, mnyamata wanuyo anachita chinthu chimene sichinali pa ndondomeko. Atamva kuti ndine wa CCAP ya Nkhoma, anatidutsitsa mu Dorp Street, pansi pa mitengo ikuluikulu ya oak ija, n'kutiimika pa nyumba ya seminale imene yakhala ikuphunzitsa abusa a Dutch Reformed kuyambira 1859. Anauza alendo anzanga, amene ambiri anali a ku Ulaya, kuti amishoni amene anayambitsa Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896 anali a mpingo umenewu wa kuno ku Cape. Ndakhala kuno zaka zingapo, pa mtunda wa makilomita ochepa chabe, osadziwa kuti mizu ya tchalitchi chimene ndinabatizidwira ili mu msewu umenewo. Anzangawo ankajambula nyumba zoyera za madenga a udzu ndi kumva za Simon van der Stel amene anakhazikitsa tauniyi mu 1679. Ine maso anali pa khomo la seminale basi.

Tsopano ndifike pa chitunda cha Helshoogte, chifukwa m'pamene pagona kalatayi.

Tisanachiyambe, mnyamata wanu anatichenjeza kuti dzina lake m'Chiafrikaans likutchula gehena, ndipo anatilangiza kuti tiike giya yopepuka tisanafike pokwera. Ine ndinamva, koma ndinazitaya. Mumtima ndinati, munthu amene anakwezapo mayi woyembekezera ndi chikwama chake pa zitunda za ku Nkhoma, pa njinga yopanda giya ndi imodzi yomwe, angauzidwe za chitunda ndi mwana wa dzana? Ndinaimirira pa mapedulo monga timachitira pa kabaza, kupendeketsa njinga uku ndi uku, ndipo ndinawapitirira onse. Kwa mphindi zingapo ndinali mfumu. Kenaka chitunda chija chinangokhota n'kupitiriza, kukhotanso n'kupitiriza. Cha pakati mitsempha ya m'ntchafu inakokana, mpweya unayamba kuchepa, maso n'kuchita chidima. Gogo wina wachizungu amene ndinamudutsa monyada kumunsi kuja anandipeza, miyendo yake ikuzungulira mwachangu ngati akupota ulusi, anandipatsa moni n'kumapita.

Ndinatsika. Galimoto yanu imene inkatitsatira pambuyo inaima, ndipo dalaivala anatsegula chitseko kuti ndikwere. Manyazi anandigwira kuposa kutopa. Mnyamata wanu anabwerera kuchokera kutsogolo, anandiyang'ana kumaso, n'kuuza dalaivala kuti atsogole. Sanandikakamize, sanandisekenso. Anandipatsa madzi ndi nthochi, anatsika pa njinga yake n'kuyamba kukankha limodzi nane ngati nayenso watopa, tikucheza za tiyi wa kwawo ndi mvula ya ku Mulanje. Miyendo itamasuka anati, "Bambo, njinga iyi si ya matumba. Musalimbane nayo, ipatseni giya yaing'ono, inu muzingozunguza." Ndinayesa. Zinkaoneka ngati masewera, kupalasa kwambiri njinga n'kumayenda ngati nkhono, koma inkapita, ndipo mawondo sankadandaula. Ndinafika pamwamba ndili pa chishalo, womaliza pa gulu lonse, ndipo anzanga aja anaomba m'manja.

Bwana, munthu wina akanandikweza galimoto ndi mtima wabwino ndithu, koma ndikanapita kunyumba ndikudziona nkhalamba yotha ntchito. Mnyamata ameneyu amadziwa kusunga ulemu wa munthu wamkulu. Musamutaye.

Za kutsetsereka sindinena zambiri. Phiri la Simonsberg lili kumanzere, chigwa cha Banhoek chatambasuka kumanja, mizere ya mphesa ikukwera mapiri ngati mizere ya fodya wa mlimi waluso. Mabuleki a njinga yanuyo ongogwira ndi chala chimodzi njinga n'kumvera. Ife tinkathandizira ndi chidendene pa tayala.

Pokhala munthu wa m'maluwa, m'mindamo ndinafunsa mafunso ochuluka, mwina mpaka kuchedwetsa anzanga. Za mpesa ndamva m'tchalitchi moyo wanga wonse, koma kuugwira ndi manja kanali koyamba. Ndinadabwa kuona maluwa a rozi kumapeto kwa mizere, ndipo anandifotokozera kuti alimi akale ankawabzala ngati alonda, chifukwa nthenda ya nkhungu imayamba kuoneka pa rozi isanafalikire ku mphesa. Anandionetsanso pa tsinde pamene pali chotupa, pomwe anamezanitsa. Kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamadya mizu, kanafika ku Cape mu 1886 n'kuwononga minda yambiri, ndiye kuyambira apo mpesa amaumezanitsa pa mizu ya mtundu wa ku America imene kachilomboko sikaipha. Ndi luso lomwe lija timachita ndi mango ndi malalanje. Chinandisokoneza n'chakuti mphesa za vinyo wabwino sazimwetsa madzi ambiri: timapaipi timangodontheza pang'onopang'ono, ati mpesa ukavutikako zipatso zimakhala zazing'ono koma zokoma kwambiri. Mlimi wa chimanga mukamuuza zimenezi akhoza kukuthamangitsani pamunda.

Inali nyengo yothyola, ndipo m'mizeremo munali anthu ndi timasizasi ndi makreti, atayamba m'bandakucha kuthawa dzuwa. Ndinamva Chixhosa, Chiafrikaans ndi Chishona. Apa ndiye pali chifukwa changa chachiwiri chokuthokozerani. Ndinkayesa kuti ulendo wotere ndi wongoonetsa nyumba zokongola za eni minda, anthu ogwira ntchito n'kumawadutsa ngati zitsa. Koma titafika pa Pniel mnyamata wanu anatiimika pafupi ndi tchalitchi, n'kufotokoza kuti mudziwo unayamba mu 1843 ngati malo a mishoni okhalamo akapolo omasulidwa. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma anthuwo anawagwirabe mpaka 1838. Ena mwa akapolo amene analima minda imeneyi anatengedwa ku Madagascar, ena ku India ndi ku Indonesia, ena ku Mozambique, kufupi ndi kwathu. Sanabisenso za mchitidwe wolipira antchito ndi vinyo, umene kuno amati dop, womwe unapitirira zaka zambiri lamulo litauletsa kale, n'kusiya uchidakwa m'mabanja mpaka lero. Alendo ena anangoti zii. Ine ndikuti muzipitiriza kunena zimenezi, ngakhale wina atadandaula kuti zikumuwonongera tchuthi. Ndine mmodzi wa anthu amene amakonza malo kuti ena adzajambule, ndiye ndikudziwa mmene zimakomera wina akakumbukira kuti pali manja amene anagwira ntchitoyo.

Pa famu imene tinapumira panali pondidetsa nkhawa chiyambire m'mawa. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo mowa sindilawa. Ndinkaganiza kuti ndikhala pakona ngati mlendo wosaitanidwa. Ndinapeza kuti munali mutatumiza kale uthenga, ndipo anandiikira matambula atatu a madzi a mphesa osasasa, oyera ndi ofiira, m'magalasi ofanana ndi a anzanga. Mtsikana wa pamenepo anandifotokozera za mtundu uliwonse mwaulemu womwewo. Ndinaphunzira kuti mphesa ya Pinotage ndi mbadwa ya konkuno: Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut mu 1925. Chimene sindinachimvetse mpaka lero ndi anzanga aja: kununkhiza, kuzunguza m'kamwa, kenaka kulavulira mu ndowa chinthu chimene alipira ndalama. Anati n'chifukwa choti kutsogolo kudakali msewu. Pamenepo ndinawavomereza.

Titakhotera mu msewu wa R45 mphepo ya kummwera chakummawa ija inatipeza chamaso, ndipo njinga inalemera ngati ndakweza munthu. Mnyamata wanu anatiika pa mzere, iye patsogolo kutchinga mphepo, ife kubisala kumbuyo kwake. Tili choncho tayala la gogo uja anandidutsa pa chitunda linaphwa, minga italowa. Ndikupempha mundikhululukire, chifukwa ndinalanda ntchito ya wantchito wanu. Asanamalize kutulutsa zida m'chikwama, ine ndinali nditagudubuza kale njinga, kuchotsa chubu, kuchiyendetsa pafupi ndi tsaya kuti ndimve potuluka mpweya, ndi kupapasa mkati mwa tayala mpaka kuipeza mingayo. Iye ankafuna kuika chubu chatsopano, ine ndinati chigamba chikwana. Anandisiya ndimate, akumwetulira, ndipo gogo uja anandifunsa ngati ndinali makaniko. Ndinati ayi, ndinali wa kabaza, ndipo zinatenga makilomita awiri kuti ndimufotokozere kuti kabaza n'chiyani.

Tinalowa mu Franschhoek dzuwa litapendeka, titayenda makilomita opitirira 30. Tinakathera pa chipilala chokumbukira Afalansa amene anathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo n'kufika kuno mu 1688, m'chigwa chimene kale chinkadziwika ndi njovu. Ndinamvetsera, koma kunena zoona maganizo anali pa chakudya. Pobwerera pa galimoto, dalaivala wanu anavomera kupatuka kuti tione chipata cha ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster, pomwe Nelson Mandela anatulukira pa 11 February 1990. Kupatukako sikunali m'malipiro, ndipo mumuthokozeko m'malo mwanga.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba ndi la chishalo. Chimene munandipatsa n'chowonda ngati mpeni, ndipo Lamulungu lake kutchalitchi ndinaimba nyimbo zonse ndi kumva ulaliki wonse nditakhalira mbali imodzi. Sungani ziwiri kapena zitatu zazikulu za ife achikulire. Lachiwiri n'lolemerapo: mtengo wanu ine pandekha sindikanaukwanitsa, ndipo anzanga a m'magaladeni, m'makhitchini ndi m'minda ya mphesa momwemo sangaukwanitsenso. Ngati pali tsiku lina m'nyengo ya mvula, pamene alendo akunja achepa ndipo njinga zangokhala, ganizirani mtengo wotsika wa anthu otere. Ine ndikhoza kusonkhanitsa amuna ndi amayi khumi a kutchalitchi kwathu, ndipo matayala akaphwa tidzamata tokha.

Pomaliza, ndikuulula kuti timapulasitiki tiwiri tochotsera tayala tija ndinatipeza m'thumba la buluku nditafika kunyumba. Sindinabe, dzanja linangozolowera. Ndidzabwera nato Loweruka la kumapeto kwa mwezi, ndipo ngati njinga yobiriwira ija idzakhale ilipo, mundisungire, chifukwa Helshoogte ndikufuna kudzaikwera osatsika.

Ine wanu wothokoza,

Bambo wa nsapato za kutchalitchi.