Tilambule m'Kaning'ina moto usanafike

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga okhala mu Mzuzu za nkhalango ya Kaning'ina. Tonse timaiona kum'mawa kwa mzindawu, koma ambiri sanapondemo phazi, chonsecho madzi amene timamwa amachokera komweko.

Loweruka lapitali, titadya nsima ya masana, ine ndi mdzukulu wanga tinakwera mapiri a m'nkhalangoyi kuchokera cha kumsewu wa ku Nkhata Bay. Ino ndi Meyi. Mvula yangosiya kumene, kamphepo kachisanu kayamba, ndipo udzu wafika m'chiuno, kunsonga wayamba kufiira. Mitengo ya mombo ndi masuku ikadali ndi masamba ake, panthambi pakulendewera ndere. M'kachigwa kena tinapeza kamtsinje koyera mbee, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Ndinamuuza mwanayo kuti timitsinje totere ndi tomwe timadzaza mtsinje wa Lunyangwa, ndipo damu la Lunyangwa ndi lomwe a Northern Region Water Board amatungamo madzi a pampopi wathu ku Mchengautuwa. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali, osakhulupirira.

Titakwera pang'ono, mthunzi unatha mwadzidzidzi. Zitsa zokhazokha, ndipo pakati pake ng'anjo ya makala yofumulidwa kale, dothi lake lakuda bii. Mtima unandiwawa. Owotcha makala sindiwanyoza, pakuti thumba limene amatsika nalo panjinga timaligula ndife, makamaka magetsi akazima. Lamulo la zankhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera, koma mbaula zathu zikuyakabe.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndinaona nditawerama pachitsa chimodzi. Chinali chitaphukira. Mphukira zonenepa, zina zofika m'bondo, masamba ake anthete. Nditayang'ana bwino, pafupifupi chitsa chilichonse chinali chotero. Mitengo yachilengedwe ngati mombo siifa ikadulidwa. Mizu yake imakhala yamoyo pansi, ndipo imaphukanso popanda wothirira kapena wogula mbande. Mdani wake ndi moto. Udzu umene tinkadutsamo uja ukauma mu Ogasiti ndi Seputembala, wosaka mbewa mmodzi akayatsa machesi, mphukira zonsezo zidzapserera.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timakhala m'nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amabwera, timavina, timajambulitsa, mbande zimalowa pansi. Zabwino ndithu. Koma nyengoyo ikatsekedwa tonse timabalalika, pamene ntchito yoteteza ndi imene ikuyamba. Mbande yobzala dzulo ingafanane bwanji ndi mphukira yokhala ndi mizu ya zaka makumi?

Pempho langa kwa a nthambi ya zankhalango, khonsolo ya mzinda ndi mafumu a madera ozungulira nkhalangoyi ndi lakuti atiitane mwezi uno ndi wamawa, udzu usanaumitsitse, tikalambule njira zotchingira moto. Mipingo ndi magulu a achinyamata alipo ambiri. Aphunzitsi nawonso atenge ana asukulu masana amodzi akaone kumene madzi awo amachokera. Ulendo wake ndi wapansi, sufunika kukwera basi. Ine khasu ndi chikwanje ndili nazo, ndipo miyendo ikundilolabe kukwera. Atiuze tsiku ndi malo okumanirana.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mchengautuwa, Mzuzu