Bokosi la chiwongolero ndi lomaliza kukhudza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni mapikiapu akale monga Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody, omwe akusenza chimanga ndi fodya m'misewu yathu yafumbi. Chiwongolero chikalobodoka, ambiri amathamangira kumanga sikuluwu ya pabokosi la chiwongolero. Kumeneko n'kuyambira kumchira.

Yambani ndi kuyeza. Matayala ataloza kutsogolo, pukusani chiwongolero pang'onopang'ono. Chikayenda kupitirira mamilimita 30 matayala asanasunthe, chilipo chatha. Ikani jeke pansi pa mkono wam'munsi (chitsulo chogwira tayala lakutsogolo kunsi), chirikizani galimoto ndi masitandi, osati njerwa, ndipo gwedezani tayala mutaligwira kumwamba ndi kunsi. Likamagogoda, wina aponde buleki: kugogoda kukatha ndi bering'i, kukapitirira ndi ball joint (mfundo yolumikiza mkono ndi chitsulo chonyamula tayala). Ligwireninso m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo. Pamenepo mukuyesa ma tie rod end (mfundo za kumapeto kwa ndodo zokhotetsa matayala) ndi idler arm (mkono wochirikiza ndodozo), yomwe mabushi ake amatha msanga koma amaiwalika.

Pomasula tie rod end, werengani kuti mwazunguliza kangati, kuti yatsopano ilowe chimodzimodzi mufike nayo koyeza alayimenti (kaimidwe ka matayala). Nati yake itsekedwe ndi split pin (kapini koletsa nati kumasuka) yatsopano. Msomali ayi.

Zonsezi zikakhala bwino m'pamene mukhudze bokosi. Masulani nati yotsekera, zungulizani sikuluwu kota imodzi yokha, yesani, kenaka muonjezere ngati kukufunika. Magiya a m'bokosi amadyeka kwambiri pakati, ndiye mukamanga mpaka kulobodoka konse kutha, chiwongolero chimalimba pokhota ndipo sichibwerera chokha mukatuluka pakona. Pamakona a Chikwawa zimenezo si zoseweretsa. Ngati chiwongolero ndi cha pawa, thirani ATF (mafuta a giyabokosi ya otomatiki), osati mafuta a buleki, omwe amawononga masilo.

Kumbuyo nkhani ndi masipuling'i. Galimoto ikamayenda chammbali ngati nkhanu, kawirikawiri centre bolt (bawuti yapakati yomanga pamodzi malifi, zitsulo zosanjikizana za sipuling'i) yaduka ndipo akiselo yasuntha. Lifi yosweka musawotcherere. Moto umapha kulimba kwa chitsulo ndipo imadukanso pafupi ndi chowotchereracho. Ikani ma U-bolt (mabawuti omanga sipuling'i ku akiselo) atsopano, muwamangenso mutayenda makilomita pafupifupi 500, chifukwa malifi akakhazikika manati amakhwepa. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsika, matayala ali pansi. Mukawamanga ili m'mwamba, labala imapotoka ikangotsika ndipo sichedwa kung'ambika.

Kuonjezera lifi imodzi mbali iliyonse kumathandiza galimoto yomwe yakhala pansi, sindikana. Koma mabuleki, mabering'i ndi chasisi zimakhala zomwe zija: pikiapu ya tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, osati 40. Chimodzimodzi kupotokola ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya sipuling'i kutsogolo) kuti kutsogolo kukwere. Mukapyola muyezo, mkono umagunda pa labala yoimitsa, ma ball joint amatha msanga, ndipo tayala limadyeka mbali imodzi.

Mashokapu sinthani awiriawiri. Yomwe ikudontha mafuta yatha, ngakhale isakulira.

Alayimenti ibwere pamapeto, matayala atapopedwa mphweya wolembedwa pachitseko kapena m'buku la galimotoyo. Mukaiyeza zitsulo zili zakutha, ndalamayo mwataya, chifukwa dzenje loyamba lidzaisokonezanso.

Makaniko,
Limbe